Achemwali, zaka 44 si mochedwa: za Sorj Chalandon ndi mphoto za mabuku

Kalata yanu ndaigoneka masiku asanu ndisanaiyankhe, achemwali, chifukwa inandigunda pachilonda. Mwati muli ndi zaka 44, mwakhala mukutola nkhani zaka 18, ndipo mukufuna kulemba buku la nthano. Anzanu akuti nthawi inakutherani, komanso buku losapata mphoto n'kungotaya mapepala. Mukufunsa ngati muyambe.

Ine ndinasiya utolankhani ndili ndi makope asanu ndi awiri m'katoni. Limodzi ndinakhala zaka zambiri osalitsegula. Munali za ngozi ya basi imene ananditumako ndikadali mlendo pantchito. Ndinafika mitembo atayala kale m'mbali mwa msewu, ataifunditsa zitenje za amayi a m'mudzi wapafupi. Panali gogo wina amene m'basimo sanalimo, ndipo mwa omwalirawo analibemo mbale. Anangokhala pansi n'kumaingitsa ntchentche pamapazi a mwana wina mpaka dzuwa kupendeka. Ndinalemba zimenezo. Mkonzi anadula ndime yonseyo, n'kusiya chiwerengero cha akufa ndi mawu a apolisi. Sanalakwe, malo anali ochepa. Koma gogo uja sanandichoke. Ndinkamulota. Ndinkati ndikakwera basi, maso anga ali pamapazi a ana a eni.

Amene anandichititsa kutsegulanso katoniyo ndi Mfalansa wina, Sorj Chalandon. Anabadwa mu 1952 ku Tunis, n'kukulira ku Lyon. Analowa ntchito kunyuzipepala ya Libération mu 1973 ndipo anachokako mu 2007. Anatola nkhani za nkhondo ku Lebanon ndi za ziwawa za ku Northern Ireland, ndipo mu 1987 anakhala m'khoti ku Lyon kulemba za mlandu wa Klaus Barbie, mkulu wa Gestapo, apolisi achinsinsi a boma la Nazi la ku Germany, mumzindawo m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1988 anamupatsa mphoto ya Albert Londres, imene atolankhani a ku France amailemekeza kuposa ina iliyonse. Nanga buku lake loyamba la nthano? Le Petit Bonzi, la mnyamata wachibwibwi monga analili mwini wake ali mwana, linatuluka mu 2005. Munthuyo anali ndi zaka 53. Inu mukumusiyira zaka zisanu ndi zinayi.

Chimene chinandigwira mtima kwenikweni ndi nkhani ya mnzake. Ku Belfast, likulu la Northern Ireland, anapalana ubwenzi ndi Denis Donaldson, munthu wodalirika mu Sinn Féin, chipani chofuna kuti dera limeneli lichoke mu ulamuliro wa Britain. Mu Disembala 2005 Donaldson anaulula kuti kwa zaka pafupifupi 20 anali kazitape wolipidwa ndi boma la Britain. Mu Epulo 2006 anamupeza atawomberedwa m'kanyumba kakumudzi ku Donegal. Tangoganizani: munthu amene mwadya naye m'mbale imodzi, zaka zonsezo anali ndi nkhope ina. Nyuzipepala ingakupatseni malo a tsiku, dzina ndi mawu a akuluakulu. Malo olira ilibe. Chalandon analemba mabuku awiri pa bala limeneli. Mu Mon traître, la mu 2008, wofotokoza ndi mnzake woperekedwayo, mmisiri wokonza mavayolini wa ku Paris. Mu Retour à Killybegs, la mu 2011, analowa m'khungu la wopereka mnzakeyo n'kumulola kudzilankhulira. Lachiwirili ndinaliwerenga m'Chingerezi usiku umodzi, ndipo kutacha ndinatsitsa katoni ija pamwamba pa kabati.

Apa ndiye ndikuumirira: mtolankhani wa zaka 18 pantchito sayamba wopanda kanthu. Nkhokwe yake ndi yodzaza ndi zonse zimene akonzi anadula. Mnyamata wa zaka 22 angakhale ndi mawu okoma, koma sanakhalepo pabenchi ya khoti tsiku lonse akuyang'ana manja a woimbidwa mlandu. Ngozi ya mumgodi wa malasha ku Liévin ku France, imene inapha anthu 42 pa 27 Disembala 1974, Chalandon anaisunga mumtima zaka zoposa 40 asanailembe mu Le Jour d'avant mu 2017. Oti nthawi inakutherani sakudziwa kuti nkhani zina zimafuna kuvundikiridwa ngati nthochi.

Tsono za mphotozo

Sindinganame kuti mphoto n'zachabe. Buku lake lachiwiri, Une promesse, linapata mphoto ya Médicis mu 2006, ndipo la Killybegs linapata mphoto yaikulu ya Académie française mu 2011. Ku France zimenezi zimagulitsa mabuku. Goncourt, yaikulu pa zonse, cheke chake ndi cha mayuro 10 okha. Oweruza khumi amakumana mu lesitilanti ya Drouant ku Paris mu Novembala, ndipo ndalama yeniyeni imabwera chifukwa cha kalamba kofiira kamene amakulunga pabukulo m'masitolo. Koma Goncourt imeneyi Chalandon inamuphonya mu 2021. Enfant de salaud, buku la bambo ake ndi mabodza awo a zimene anachita pankhondo, linafika pa anayi omaliza, mphoto n'kupita kwa Mohamed Mbougar Sarr wa ku Senegal, wa zaka 31. Ine ndinakondwera kuti mwana wa mu Africa wapambana, ndipo mpaka pano ndimakondwera. Koma kodi buku la Chalandon linachepa m'mawa mwake? Masamba ake ndi omwewo.

Ndimakwiya ndikamva munthu akuuza mnzake kuti buku lopanda mphoto lilibe ntchito, ndipo amene amanena zimenezi kawirikawiri ndi anthu oti sanamalizepo kulemba ngakhale mutu umodzi. Ndinaonapo mnzanga akusintha mathero a nthano yake katatu pofuna kusangalatsa oweruza a mpikisano amene sanawaonepo. Sanapambane, ndipo nthanoyo inafa, moti lero sakumbukanso mmene inathera poyamba. Zimandiwawa chifukwa mathero oyambawo ndinawawerenga, anali abwino.

Ngati pali mphoto imene ndimaikhulupirira ndi Goncourt des lycéens, imene oweruza ake ndi ana a sukulu za sekondale. Chalandon anailandira mu 2013 ndi Le Quatrième Mur, nthano ya munthu wofuna kuchititsa sewero la Antigone ku Beirut, likulu la Lebanon, mu 1982, ochita seweroli atawatenga kumbali zonse zimene zinkaphana. Chalandon mwini anaona ndi maso ake mitembo ya ku Sabra ndi Shatila, madera a ku Beirut kumene othawa kwawo a ku Palestine anaphedwa ambirimbiri chaka chimenecho. Ana oweruzawo sadziwana ndi ofalitsa mabuku ndipo alibe woti amusangalatse. Buku likawatopetsa amalisiya.

Tsono yambani, achemwali. Ntchito musasiye, mabuku awiri oyamba Chalandon anawatulutsa akadali ku Libération. Pitani ku makope anu akale, mupeze ndime imene inadulidwa koma simunaiiwale. Sinthani maina ndi malo kuti musavulaze eni nkhani, ndipo muzilemba tsamba limodzi m'mawa uliwonse foni isanayambe kulira. Malamulo a mipikisano mudzawawerenge buku litatha.

Langa lafika tsamba 140. Gogo uja ndamupatsa dzina, ndipo sabata ino ndikulemba za kumene ankapita m'mawa umenewo asanamve kuphulika kumsewu.