Foni yochokera ku UK ikukana kuimba: yankho kwa aphunzitsi a ku Dedza

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kutali ndithu ndi pa boma la Dedza. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa:

"Achimwene anga amene ali ku Leeds ananditumizira foni ya Google Pixel 7a. Akuti anachotsamo Android wamba n'kuikamo GrapheneOS, ati kuti anthu asamandizonde. Ndikakhala pa boma WhatsApp imayenda bwinobwino, koma kuimba imakana, ndipo ondiimbira amauzidwa kuti sindikupezeka. Ndikayesa *211# kuti nditumize ndalama imangolemba kuti 'Connection problem or invalid MMI code'. Ndikafika kuno kusukulu netiweki imatheratu, chonsecho ka Itel kanga kakale kamagwira. App ya banki yanga nayo ikumangodzitseka. Mnyamata wokonza mafoni wati foniyi ndi yakunja, singagwire kuno pokhapokha aiflashe. Ndimulole, kapena ndingoigulitsa ndigule Tecno?"

Amayi, musamulole kaye mnyamatayo kuiflasha, ndiko kufufuta pulogalamu yoyendetsa foni n'kuikamo ina, ndipo musaigulitse. Mmene mwafotokozeramu, foni yanu ilibe matenda. Pali kabatani kamene achimwene anuwo anakhudza ali ku Leeds, kamene kumeneko n'kothandiza koma kuno kakukutsekerani pakamwa.

Tiyambe ndi zoti foni yakunja singagwire kuno. Umboni woti zimenezi si zoona muli nawo kale m'manja: WhatsApp ikuyenda mukakhala pa boma. Foni ikanakhala yokhomedwa ku kampani ya ku UK, SIM khadi yanu ya Airtel ikanakanidwa tsiku loyamba lomwe, intaneti osayenda n'komwe. Ndiponso kuyambira mu December 2021 bungwe la Ofcom, lomwe lili ngati MACRA ya kumeneko, linaletsa makampani kugulitsa mafoni okhoma, ndipo Pixel 7a inatuluka mu May 2023, lamuloli lilipo kale. Mafunde amene mafoni a ku Ulaya amamva ndi omwewonso timagwiritsa ntchito kuno: 900 ndi 1800 pa 2G, 2100 pa 3G, ndipo 4G yambiri m'chigawo chathu chino imadutsa pa 1800, imene amaitchula kuti band 3. Amene amalira ndi nkhani ya mafunde kawirikawiri ndi ogula mafoni otsika mtengo opangidwira msika wa ku America, kumene manambala ake ndi ena. Inu zimenezo sizikukukhudzani.

GrapheneOS nayo si imene imalankhula ndi nsanja ya netiweki. M'foni muli kachipangizo kapadera, modem, kokhala ndi pulogalamu yakeyake yochokera kwa opanga foniyo, ndipo kameneka achimwene anu sanakasinthe. Zili ngati minibasi imene yasinthidwa dalaivala ndi mipando koma injini ndi yomwe ija. Chimene dalaivala watsopanoyu angachite ndi kuuza injini kuti msewu wakutiwakuti usamadutsemo. Apa ndiye pagona nkhani yanu.

Tengani ka Itel kanu kapena foni ya mnzanu aliyense, muyang'ane pamwamba pomwe pamalembedwa 4G, kenako muimbe nambala iliyonse. Pa mafoni ambiri kuno muona 4G ija ikuzimiririka, pakubwera 3G, H kapena E, ndipo mukadula imabwereranso. Chifukwa chake n'chakuti 4G inapangidwira intaneti basi. Kuti mawu adutse pa 4G pamafunika njira yotchedwa VoLTE, ndipo njirayi imafuna kuti kampani ya netiweki ndi foniyo zidziwane. Google imakonzeratu zimenezi ndi makampani amene inagwirizana nawo, makamaka m'mayiko amene imagulitsako mafoni ake, ndipo Malawi sali m'gulu la mayiko amenewo. Ndiye Pixel ikafika kuno, pofuna kuimba imayenera kutsika kaye pa 3G kapena 2G. Manambala a nyenyezi ndi hashi aja, *211# ya Airtel Money kaya *444# ya Mpamba, nawonso amadutsa msewu wakale womwewo.

Tsono GrapheneOS ili ndi chisankho chotchedwa "LTE only", kutanthauza kuti foni ikhale pa 4G yokhayokha, isatsike zivute zitani. Palinso kabatani kena kozimitsira 2G. Anthu okonda zachitetezo amazikonda kwambiri ziwirizi, ndipo ali ndi chifukwa: chitetezo cha 2G n'chakale, ndipo munthu wokhala ndi zipangizo akhoza kuimika nsanja yabodza n'kukokerako mafoni a anthu. Ku UK kuchita zimenezi sikupweteka munthu, poti kuimba kumadutsa pa 4G, ndipo makampani ngati EE ndi Vodafone anazimitsiratu 3G yawo kumayambiriro kwa 2024. Achimwene anu anakukonzerani foni ngati mmene akanadzikonzera okha, kuiwala kuti kwawo kuno kuli malo ambirimbiri kumene chimene chimafika ndi 2G yokha. Madandaulo anu atatu aja, kusaimba, kukana kwa *211#, ndi kusowa netiweki kusukulu, onse akuloza pamalo amodzi.

Ine zinandichitikirapo, ndipo panalibe womuloza chala koma ine ndemwe. Nditawerenga kwambiri za nsanja zabodzazi ndinaika foni yanga pa 4G yokha, n'kuiwala. Mu Lilongwe sindinaone vuto msanga chifukwa anthu anga ambiri timaimbirana pa WhatsApp. Kenaka kunagwa maliro kumudzi. Ndinaima pa kabenchi ka ejenti pa trading centre, chipepeso cha anzanga a kuntchito chili mu foni, m'mbuyo mwanga muli anthu asanu ndi mmodzi, wina atanyamula thumba la feteleza paphewa. Ndinadina kanayi konse, foni n'kumangobweza uthenga womwe mwaulembawo. Mtsikana wa pa benchipo anandiyang'ana nati, "Bambo, tapatukani kaye muiganizire foni yanuyo." Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango mphindi makumi awiri ndisanakumbukire chimene ndinachita ndi manja anga.

Chitani izi. Lowani mu Settings, kenaka Network & internet, kenaka SIMs, musankhe SIM yanu. Pezani pamene palembedwa "Preferred network type". Ngati pali "LTE only", sinthani musankhe "LTE" wamba kapena chimene foniyo yalemba kuti "recommended". Pa tsamba lomwelo pali nkhani ya 2G, ndipo apa muwerenge modekha chifukwa dzina lake limasintha malinga ndi Android amene ali m'foni: pakalembedwa "Allow 2G" pakhale poyatsa, koma pakalembedwa "2G network protection" pakhale pozimitsa. Mukatero zimitsani foni n'kuiyatsanso. Ngati tsiku lina mudzaikamo SIM ya TNM intaneti n'kukana, yang'anani pa "Access Point Names" patsamba lomwelo, pa APN palembedwe liwu loti internet. Zikakanikabe zonsezi, yesani SIM ya munthu wina musanaganize zoflasha, chifukwa SIM yokalamba nayo imavuta, ndipo kusinthitsa n'kongopita ku shopu ya kampani ndi chiphaso chanu cha unzika.

Nkhani ya banki ndi ina, ndipo pamenepa sindikunamizani kuti zitheka ndithu. GrapheneOS imabwera yopanda mapulogalamu a Google, pomwe ma app ambiri amatsamira pa Google Play kuti ayende. Mwayi wake ndi wakuti mukhoza kuikamo Google Play kudzera mu App Store ya GrapheneOS imene ili kale m'foniyo, ndipo imakhalamo ngati mlendo wamba, yopanda mphamvu yosuzumira paliponse ngati mmene imachitira m'mafoni ena. Ikani imeneyo, chotsani app ya banki, muyiikenso kudzera mu Play Store. Ikapitiriza kudzitseka, dinikizani chala pa chithunzi chake, lowani mu App info, muyatse "Exploit protection compatibility mode". Ma app ambiri amachira pamenepa. Koma alipo ena amene amafunsa kaye kwa Google ngati foniyo ili ndi Android wovomerezedwa ndi Google, kudzera mu njira yotchedwa Play Integrity, ndipo GrapheneOS siipatsidwa chidindo chimenecho ngakhale chitetezo chake chili chokhwima. App ya banki yanu ikakhala ya mtundu umenewu, palibe batani limene lingaichiritse.

Komatu pano ife tili pabwino kuposa anzathu a ku Leeds. Iwo anazolowera kulipira pongogunditsa foni pa kamakina, ndipo Google Wallet salola zimenezo pa GrapheneOS. Ife ndalama zathu zimayenda pa nyenyezi ndi hashi. Mabanki athu ali ndi manambala awo otere, monga *626# ya National Bank, ndipo njira imeneyi siifunsa kuti m'foni muli pulogalamu yanji. Mukangokonza za 2G ndi 3G zija, malipiro anu mudzawaona ndi kuwasuntha ngati kale, app ifune isafune.

Pali zina zimene simunafunse koma mukumana nazo. Pixel 7a ili ndi malo a SIM khadi imodzi yokha. Kwa ife ozolowera kuyenda ndi 088 ndi 099 m'foni imodzi, ichi chimawawa. Nambala yachiwiri imalowa ngati eSIM, yomwe ndi SIM yopanda kakhadi, ndipo pa GrapheneOS muyenera kuyamba mwayatsa "eSIM support" mu Network & internet musanapite ku shopu kukapempha. Ine ndikanakhala inu, ka Itel kaja sindikanakataya. Kasungeni ndi nambala inayo, batire yake imapirira masiku amene magetsi asowa.

China ndi bandulo. GrapheneOS imatulutsa zokonza pafupipafupi, nthawi zina kangapo pa mwezi, ndipo imadzikokera yokha mwakachetechete. Munthu ukhoza kugula bandulo ya sabata madzulo, m'mawa n'kupeza yaphwa. Mu Settings, pansi pa System, pali System update, ndipo mmenemo mukhoza kuiuza kuti izikoka pokhapokha ili pa Wi-Fi. Koma musaiiwale miyezi, chifukwa ubwino wonse wa foniyi uli mu zokonza zomwezo. Mbali inayi, pulogalamuyi ili ndi chinthu chimene ndimachikonda kuposa zonse: app iliyonse mukhoza kuilanda chilolezo cha Network, isakhudzenso intaneti. Timasewera ta ana tija timene timadya bandulo ndi zotsatsa malonda timangoti zii.

Mudzaonanso kuti foni ikakhala maola 18 osatsegulidwa imadzizimitsa n'kudziyatsa yokha. Anachita kuikonza choncho, kuti ikabedwa zam'kati zikhale zokhomeka kwambiri. Ikatero mauthenga a WhatsApp salowa mpaka mutaika PIN. Ndiye Lamlungu lina mukaisiya m'chikwama tsiku lonse n'kupeza kuli chete, musaganize kuti gulu la aphunzitsi lakuchotsani.

Za mnyamata wokonza mafoni uja, sindikuganiza kuti amafuna kukuberani. Ntchito imene amaidziwa ndi ya Tecno, Itel ndi Samsung zoiwalika ma password, ndipo mankhwala ake pa foni iliyonse yachilendo ndi kuflasha. Mwinanso anaona chenjezo lachikasu limene limabwera foni yanu ikamayaka, lonena kuti ikutsegula pulogalamu ina, n'kuganiza kuti yawonongeka. Chenjezo limenelo limabwera pa Pixel iliyonse yokhala ndi GrapheneOS, ndipo limachoka lokha pakapita masekondi ochepa. Kuflasha kungafufute zithunzi zanu zonse, manambala ndi mauthenga, ndipo akalakwitsa ndondomeko yake foni ikhoza kukana kuyaka.

Funso lenileni limene ndikanakonda muganizire n'lakuti, kodi GrapheneOS mukuifuna inuyo, kapena amaifuna ndi achimwene anu? Ndi pulogalamu yabwino, ine ndimailemekeza. Mtolankhani, loya, kapena munthu wosunga zinsinsi za anthu ena ali ndi chifukwa chomveka choivutikira. Koma imafuna mwini wake azikhala ndi chidwi chotokosa mu Settings, ndipo kumene muliko palibe wina woti mungamufunse ikachita zachilendo. Mupatseni mwezi umodzi mutakonza zimene ndanenazi. Mukaona kuti app ya banki ikukusowetsani mtendere, kubwerera ku Android wa Google si chamanyazi, ndipo sikufuna malipiro: Google ili ndi tsamba lake loikira pulogalamuyi kudzera pa kompyuta ndi chingwe, GrapheneOS nayo inalemba ndondomeko yochotsera kiyi wa chitetezo amene amaikidwa m'foni poiikamo. Chofunika ndi intaneti yamphamvu, kusunga kaye zinthu zanu kwina, ndi achimwene anuwo pa video call kuti akutsogolereni, poti ndi iwo anayambitsa. Mulimonsemo foniyo ipitiriza kulandira zokonza za chitetezo mpaka May 2028, chinthu chimene Tecno ya mtengo umene mungapeze mutaigulitsa singakulonjezeni.

Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi mafoni a mtundu wina: LineageOS ndi /e/OS nazonso ndi Android pansi pake, choncho zambiri zimene ndanenazi zikukhudzani, kungoti mayina a mabatani amasiyana. Ubuntu Touch si Android, ndipo WhatsApp siyenda mwachindunji mmenemo, ndiye musanavomere mphatso yotero funsani kawiri.

Amayi, mukasintha zija yambani ndi *211# muli kusukulu komweko, osati pa boma. Menyu ikatuluka, ndiye kuti kuimbanso kwatheka. Mukatero muwauze achimwene anuwo kuti munthu wotsatira wobwera kumudzi amupatsire kava yolimba ndi magalasi awiri oteteza sikirini. Tchaja ya ku UK imalowa bwinobwino m'masoketi athu a mabowo atatu, imeneyo musadandaule nayo, koma sikirini ya Pixel ikasweka mudzazungulira nayo mu Limbe ndi ku Malangalanga anthu akungokuonetsani za Tecno.