Yankho kwa achemwali a ku Dedza pa za liwiro la intaneti

Achemwali, mwati pogula rauta anakuuzani kuti izithamanga 10 Mbps (mamegabiti 10 pa sekondi), koma mukamatsitsa fayilo kompyuta ikuonetsa 1.2 MB (mamegabayiti) pa sekondi, ndiye mukuganiza kuti anakuberani. Pamenepo pokha sanakubereni. Makampani amawerenga liwiro mu mabiti, pomwe kompyuta potsitsa zinthu imawerenga mu mabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Mukagawa 10 ndi 8 mupeza 1.25, kutanthauza kuti pa nthawi imeneyo mumalandira pafupifupi liwiro lonse lomwe munalipira.

Chomwe chandikhudza ndi china chomwe mwatchula chija, choti kukangoda vidiyo imangozungulira osasewera. Apo ndiye pofunika kuyeza mofatsa.

Tsegulani speedtest.net kapena fast.com. Musanayambe, chotsani mafoni ena onse pa WiFi, chifukwa foni ya mwana ikhoza kumatsitsa zake mwakachetechete n'kumakudyerani liwiro. Ngati muli ndi laputopu ilumikizeni ku rauta ndi waya, apo ayi imani m'chipinda momwe muli rautamo. Khoma la njerwa limafooketsa WiFi, ndipo mukayezera kuchipinda chogona mudzadzudzula kampani pomwe vuto lili m'nyumba mwanu momwemo. Kuyezaku kumadyanso bandulo, ndiye katatu pa tsiku n'kokwanira: m'mamawa anthu asanadzuke, masana, ndi madzulo pakati pa 7 ndi 9 koloko. Chitani zimenezi kwa sabata, ndipo nthawi iliyonse muzijambula zotsatirazo kuti tsiku ndi ola zizioneka.

Manambalawo adzakuuzani okha. Rauta ya simukhadi ilibe mzere wakewake, imagawana nsanja ya netiweki ndi foni iliyonse ya m'deralo. Zili ngati mpopi wa pamudzi, otunga akachuluka madzi amangodontha. Choncho mukapeza 9 m'mamawa koma 2 madzulo, rauta yanu ilibe vuto, nsanjayo ndiyo yalemedwa, ndipo amene angakonze ndi kampani basi.

Koma liwiro likakhala lotsika usiku ndi usana, yambani mwaona signal. Kuno ku Dedza mapiri amatchinga kwambiri, moti nyumba ziwiri zoyandikana zimatha kusiyana. Ikani rauta pamwamba, pawindo loyang'ana kunsanja, ndipo onani ngati yakhazikika pa 4G kapena ikumagwera pa 3G. Zikapanda kusintha, werengani malamulo a bandulo yanu. Mabandulo ambiri otchedwa unlimited amakhala ndi malire ake, mukadutsa mlingo wina wa data amakuchepetserani liwiro mpaka nthawi ya banduloyo itatha. Ogulitsa ena izi satchula, ndipo zimandipweteka chifukwa munthu amakhala wapereka ndalama zoti akanagulira feteleza.

Mukapita kukadandaula akakuuzani kuti pa chikalata analemba kuti liwiro limafika "mpaka" 10 Mbps. N'zoona, palibe kampani ingakupatseni 10 ola lililonse, ndipo 7 kapena 8 ine sindingadandaule nazo. Koma 1 kapena 2 madzulo aliwonse, nthawi yomwe ana akufuna kuphunzira, si chinthu choti munthu angovomera. Tengani zithunzi zanu zija, kadandauleni kaye ku kampaniyo ndipo akupatseni nambala ya dandaulo lanu. Akapanda kukuthandizani pitani nazo ku MACRA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira makampani a mauthenga ndipo limalandira madandaulo a ogula.

Mwezi uno usanathe, gulaninso kabandulo kakang'ono ka netiweki ina, muyeze pafoni muli m'nyumba mwanumo madzulo omwewo kuti muyerekeze liwiro, musanalipire bandulo ina ya mwezi wathunthu.