Funsani Tiyankhe: Malinga akale ankagwa bwanji?

FUNSO: Agogo ankatisimbira za midzi yozingidwa ndi linga pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Ndamva kuti ku Ulaya kunali malinga amiyala. Ankawamanga bwanji, nanga adani ankalowa motani? Bambo wa ku Katete

YANKHO: Bambo, si onse anali amiyala. Ankhondo a ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066, ankamanga mwachangu ndi dothi ndi mitengo. Ankakumba ngalande yozungulira, dothi lotulukamo n'kuliunjika pakati, akulitsendera, mpaka likhale ngati chulu chachikulu. Pamwamba ankaimikapo nsanja yamatabwa. M'munsi munali bwalo lotchingidwa ndi nsichi zosongoka, momwe munali nkhokwe ndi makola a akavalo. Agogo anu akanaona bwalo limenelo sakanadabwa.

Koma nsichi zimaola, ndiponso sizilimbana ndi moto. Ndiye kunabwera miyala, monga pa White Tower ya ku London, imene anayamba kuimanga cha m'ma 1078. Khoma linkakhala ndi miyala yosema kunja ndi m'kati, pakati n'kuthiramo miyala yoswa yosakaniza ndi laimu. Chulu chatsopano sichikanasenza katundu wotere: dothi likamatitimira, khoma limang'aluka.

Polowa, anzeru sankavutika ndi makwerero. Ankadzera pansi ngati mbewa. Pa linga la ku Rochester, ku England, mu 1215, anthu a Mfumu John ya dzikolo anakumba una pansi pa ngodya imodzi ya nsanja, akuchirikiza ndi mitengo kuti usawagwere. Mfumu inaitanitsa nkhumba zonenepa 40, osati za ndiwo ayi, koma kuti mafuta ake akoleze moto. Mitengo itapsa, ngodya yonse inagumuka. Pokonzanso anaimanga yozungulira, chifukwa khoma lozungulira lilibe nsonga yoti wokumba ayambirepo, ndipo miyala yoponyedwa imangoterereka. Mpaka lero nsanjayo ili ndi ngodya zitatu zakale ndi imodzi yozungulira.

Ngakhale zinatero, a m'katiwo sanagonje tsiku lomwelo. Anathawira kuseri kwa khoma logawa nsanjayo pakati. Chimene chinawatulutsa, patatha masabata pafupifupi 7 chiyambire nkhondoyo, ndi njala, atadya kale akavalo awo.

Dzina lakale la Chipata, Fort Jameson, lisakusokonezeni, ngakhale mawu achingelezi oti fort amatanthauza linga. Limenelo linali boma la British South Africa Company, lomangidwa Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898.