Misonkho ya nyumba ku Joni

Achimwene, mwafunsa ngati Mmalawi akagula nyumba ku Johannesburg amalipira misonkho yoposa ya eni dziko. Pogula ayi, mulipira chimodzimodzi. Msonkho wogulira, transfer duty, umapita ku SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa, kudzera kwa loya wosintha umwini. Kuyambira mu Epulo 2025, nyumba yosapitirira R1,210,000 silipitsidwa msonkhowu. Mukagula yatsopano kwa kampani yomanga, VAT ya 15% imakhala ili kale mu mtengo, ndiye transfer duty palibe.

Mukakhala mwini, khonsolo ya mzinda imatumiza bilu ya ma rates, msonkho wa malo ndi nyumba, mwezi ndi mwezi. Chonde musamaidumphe, chifukwa tsiku logulitsa umwini susintha popanda chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole kukhonsolo. Mukaikamo anthu a lendi, SARS imafunaponso gawo lake.

Pogulitsa m'pamene ndimadera nkhawa abale obwerera kumudzi. Ngati pa za msonkho simuwerengedwanso ngati wokhala ku South Africa, ndipo nyumba mwaigulitsa pa mtengo wopitirira R2 miliyoni, wogulayo amadula 7.5% ya mtengo wonse n'kupereka ku SARS. Ichi ndi chikole cha msonkho wa phindu, zotsala amakubwezerani mukatumiza fomu ya msonkho. Sungani malisiti a chipinda kapena mpanda umene mwawonjezera, amachepetsa phindu lolipira msonkholo.