Charan Singh ndi tsiku la alimi ku India

Bambo, mwafunsa chifukwa chimene dziko la India limakumbukira alimi pa 23 Disembala, komanso chifukwa chimene tsikuli limayendera limodzi ndi dzina la Charan Singh, munthu amene mwamva kuti anakhala nduna yaikulu kwa kanthawi kochepa ndipo sanaimepo n'komwe m'nyumba ya malamulo ali pa udindowo. Zimene mwamvazo n'zoona, koma ntchito imene alimi a kumpoto kwa India amamukumbukira nayo anaigwira zaka zambiri asanafike pa mpando umenewo.

Tsikuli ndi limene anabadwa, mu 1902, m'mudzi wa Noorpur kufupi ndi Meerut, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Uttar Pradesh. Makolo ake anali alimi a mtundu wa Jat, olima pa malo a eni ake ena. Anaphunzira ku Agra College, n'kuyamba uloya ku Ghaziabad, ndipo atalowa chipani cha Congress atsamunda a ku Britain anamumanga katatu: mu 1930 chifukwa chophwanya lamulo la mchere, mu 1940, ndiponso mu 1942 pa nthawi ya Quit India, kampeni youza atsamundawo kuti achoke m'dzikolo, pamene anakhala m'ndende mpaka kumapeto kwa 1943.

Kuti mumvetse chimene ankalimbana nacho, ganizirani za mlimi wa m'chigawochi pa nthawiyo. Malo ambiri anali m'manja mwa eni malo akuluakulu otchedwa zamindar, amene ankatolera lendi kwa alimi n'kumapereka gawo lake ku boma ngati msonkho. Mlimi ankatha kuthamangitsidwa pa munda umene makolo ake analima, ndipo dzinthu zikapanda kuchita bwino ankagwa m'manja mwa okongoza ndalama za katapila. Pamwamba pa izi panali patwari, mlembi wa m'mudzi wosunga mabuku a minda, amene ndi cholembera chokha ankatha kusandutsa munda wa wosauka kukhala wa wolemera. Charan Singh anasankhidwa kukhala phungu wa dera la Chhaprauli mu 1937, ndipo mu 1939 anali patsogolo pa lamulo lopeputsa ngongole za alimi. Dziko litalandira ufulu wodzilamulira, ndiye amene anagwira ntchito yaikulu pokonza lamulo la mu 1950 lothetsa dongosolo la zamindar, limene linayamba kugwira ntchito mu 1952 n'kupatsa alimi ambiri umwini wa minda imene ankalima.

Nkhani imene imandionetsa bwino khalidwe lake ndi ya mu 1953. Alembi a minda aja, pafupifupi 27,000, anatula pansi ntchito nthawi imodzi poganiza kuti boma ligwada, popeza popanda mabuku awo lamulo latsopanolo silikanayenda. Iye, ali nduna yoona za malo ndi msonkho wake m'boma la Uttar Pradesh, anavomera makalata awo onse n'kulemba ntchito anthu ena pa udindo watsopano wotchedwa lekhpal. Chaka chomwecho anadutsitsa lamulo lophatikiza timinda tobalalika kuti mlimi akhale ndi munda umodzi pamalo amodzi, zomwe zinathandiza kuti munthu athe kukumba chitsime ndi kuthirira mbewu zake zonse.

Mu 1959, pa msonkhano wa Congress ku Nagpur, anatsutsa poyera Jawaharlal Nehru, nduna yaikulu ya India pa nthawiyo, pa ganizo loti minda iphatikizidwe n'kumalimidwa mwa makopaletivi. Mfundo yake inali yoti m'dziko la anthu ambiri ndi malo ochepa, banja lolima munda wakewake limakolola zambiri pa ekala kuposa anthu olima munda wa gulu. Masiku amenewo kutsutsa Nehru sikunali kwapafupi kwa munthu wofuna kukwera m'chipanicho. Anachoka mu Congress mu 1967 n'kukhala mtsogoleri woyamba wa boma la Uttar Pradesh wosachokera m'chipani chimenecho.

Sindingakubisireni kuti ntchito yake inali ndi malire. Amene anapindula kwambiri anali alimi okhala kale ndi munda wolima ndi ng'ombe zapagoli, pomwe aganyu opanda malo, ambiri mwa iwo a gulu la Dalit, anthu amene ankasalidwa ndi kuonedwa ngati apansi kwambiri, anatsala mmene analili. Chidzudzulo chimenechi ndimachiona kuti n'cholemera kuposa nkhani ya mu 1979.

Za chaka chimenecho zili motere. Atamangidwanso mu 1975 pa nthawi ya Emergency, pamene nduna yaikulu Indira Gandhi inaimika ufulu wa anthu n'kumanga otsutsa boma, anathandiza kupanga chipani cha Janata chimene chinapambana mu 1977, koma anasemphana ndi Morarji Desai, nduna yaikulu ya boma la Janata, ndipo bomalo linagwa. Analumbira ngati nduna yaikulu pa 28 Julaye 1979 modalira aphungu a Indira Gandhi yemweyo, ndipo mayiyo atachotsa thandizo lake anatula pansi udindo pa 20 Ogasiti, n'kumangogwirizira mpando mpaka Januwale 1980. Pamenepa ndikuvomereza kuti kufunitsitsa udindo kunamusocheretsa.

Anamwalira pa 29 Meyi 1987. Malo omukumbukira ku Delhi amatchedwa Kisan Ghat, ndipo tsiku limene mwafunsalo limatchedwa Kisan Diwas; mawu akuti kisan m'Chihindi amatanthauza mlimi. Mu 2024 boma la India linamupatsa Bharat Ratna, ulemu wapamwamba kwambiri umene limapereka kwa nzika.