Ukwati wa mu Julayi ku Dedza: musagule chisanu cha eni ake

Sabata ino ndalandira imelo imene yandisowetsa tulo. Yachokera kwa mtsikana wina wogwira ntchito ku Lilongwe, amene akukadalitsa ukwati wake kwawo ku Dedza mu Julayi. Funso lake ndi lalifupi: asankhe maluwa ati ndi zokongoletsa zotani zoyenera nyengo yozizira? Watumizanso zithunzi zinayi zimene wazipeza pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti. Zonse ndi zoyera mbee: marozi oyera, makandulo aatali, nthambi zopanda masamba zopaka siliva. Kumapeto walemba kuti a komiti akuti ndalama sizikwana, ndipo iye wakhala akungolira.

Achemwali, ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi zanga, chifukwa zithunzi zanuzo ndinazizindikira nditangozitsegula. Ndi zamtundu womwewo umene ine ndinkaonetsa aliyense mu 2013.

Ukwati wanga unali ku Thyolo, mwezi womwewu wa Julayi. Ndinkafuna zoyera zokhazokha. Tenti yoyera, nsalu zoyera pamipando, makandulo patebulo lililonse, ndi marozi oyera ambirimbiri. Ndalama za komiti zitaperewera, mayi anga anakatenga ngongole ku banki m'khonde m'dzina lawo, osandiuza kuti abweza bwanji. Ndinapangana ndi wokongoletsa wina wa mu Blantyre, ndipo marozi anafika Lachinayi masana ali m'buti mwa galimoto, atakhala padzuwa kwa maola angapo. Titatsegula makatoni, ambiri anali atawerama mitu, m'mphepete mwake mutayamba kuda. Tinawaika m'madzi, ena anadzuka, ambiri ayi.

Lachisanu usiku kunagwa chiperoni. Inu a m'chigawo chapakati mwina simuchidziwa bwino. Ndi mphepo yonyowa imene imachokera cha kunyanja yamchere, n'kudutsa ku Mozambique kumene kuli phiri la Chiperone, ndipo ikafika ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre imabwera ndi chifunga ndi mawawa osaleka, nthawi zina masiku awiri kapena atatu. Siigwa ngati mvula ya dzinja yoti muiyembekeze ikate. Imangonyowetsa chilichonse mwakachetechete. Loweruka m'mawa nsalu zonse za pamipando zinali chinyontho chokhachokha, m'munsi mwake muli katondo wofiira. Tenti inali yopanda zotchinga m'mbali, chifukwa ine ndinakana zotchingazo, ndinkati zibisa minda ya tiyi pazithunzi. Makandulo sanayake ndi mphindi imodzi yomwe. Mnyamata wina anatha bokosi la machesi akuyesa, mpaka anangowasiya.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si makandulo. Ndi agogo anga aakazi. Anawakhazika kutsogolo, malo aulemu, ndipo malo amenewo ndi amene mphepo inkawomba kwambiri. Anavala chitenje cha ukwati ndi bulauzi yopyapyala, juzi atalisiya kunyumba chifukwa ine ndinali nditanena kuti majuzi amitundumitundu aononga zithunzi. Ndinanena ndine mawu amenewo, ndi pakamwa pangapa. Perekaniperekani asanayambe, malume anawanyamula n'kukawagoneka m'galimoto, akunjenjemera. Sanavine. Ndalama imene anaimanga pa mfundo ya chitenje kwa miyezi yambiri kuti adzaponye okha, anachita kupatsira mwana kuti akawaponyere. Chaka chotsatira anatisiya. Pa zithunzi zonse za madyerero aja, agogo palibe.

Ndiye pali azakhali anga, alongo awo a bambo. Iwo ataona marozi aja Lachinayi sananene kanthu. Loweruka mbandakucha anadzutsa atsikana atatu, anatenga ndowa ndi chikwanje, n'kuyenda m'makomo a anansi kupempha. Anabwerako ndi nthambi za poinsettia, maluwa ofiira aja otuluka mkaka ukawathyola, ndi masamba anthete a bulugamu, otuwa ngati awazidwa ufa. Anaziika m'mitsuko iwiri ya dothi pakhomo la tchalitchi, ina iwiri m'mbali mwa tebulo lathu. Nditatsika m'galimoto n'kuona zofiirazo, mtima unandipweteka. Ndinanong'oneza wondiperekeza kuti andichotsere zakumudzizo. Mwamwayi nthawi inali itatha, palibe anazichotsa. Zithunzi zitatuluka, zonse zinali zotuwa ngati phulusa, velo yanga yosasiyana ndi chifunga, tenti yosasiyana ndi thambo. Chamoyo chinali mitsuko ya azakhali basi. Chithunzi chimene chili pakhoma pabalaza panga ndi chimene tinajambulitsa pakati pa mitsuko imeneyo.

Ngongole ya marozi mayi anaibweza mpaka chimanga chinacha.

Tsono ndikuuzeni mosapsatira: zithunzi mwanditumizirazo si za nyengo yozizira yathu. Ndi za Disembala ndi Januwale wa ku Ulaya ndi ku America, kumene mitengo yambiri imayoyola masamba, pansi n'kuyera ndi sinowo. Zoyera ndi zasiliva zija ndi mmene kunja kwawo kumaonekera akasuzumira pawindo. Nthambi za paini ndi zipatso zake zouma amazikonda chifukwa ndi zimene zimakhala zikupezeka. Makandulo ndi ambiri chifukwa ku London mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo ukwati wonse umachitikira m'nyumba yotenthetsedwa, yotsekedwa bwino. Ngakhale marozi awo ambiri nyengo imeneyo si a m'minda mwawo. Ochuluka a ku Ulaya amalimidwa ku Kenya, m'mbali mwa nyanja ya Naivasha, n'kukwera ndege kupita ku msika waukulu wa maluwa wa Aalsmeer ku Netherlands. Anthu amenewo amakongoletsa ndi zimene nyengo yawo yawasiyira, n'kugula zimene akusowa. Ife tikumatengera maonekedwe ake okha, chifukwa chake tikuchisiya komweko.

Julayi wathu ndi wina. Udzu wauma, wasanduka wagolide. Nthaka ndi yofiira. Kukapanda chifunga thambo limakhala lobiriwira, lopanda kamtambo. Nkhokwe zadzaza, mapira ndi mawere zakololedwa, manachesi a ku Mwanza ali mbwee m'misika. Imeneyi ndi nyengo ya zofiira, zachikasu ndi za mtundu wa lalanje. Munthu wozizidwa akalowa m'holo n'kuona mitundu imeneyi, thupi limamasuka. Akaona zoyera ndi siliva amakumbatira manja. Ine ndimakhulupirira ndithu kuti kukongoletsa ukwati wa mu Julayi ngati m'kati mwa firiji ndi kulakwira alendo, ndipo sindidzasintha maganizo pamenepa.

Za komiti nazonso ndinenepo. Mukuti akukana, ndipo mukuwaona ngati adani a chimwemwe chanu. Ine ndakhalapo m'makomiti a ukwati ambiri chichitikireni wanga, ndipo ndaona mmene mapuleji amapwetekera anthu. Munthu amalonjeza pagulu la WhatsApp chifukwa cha manyazi, kenako amazimitsa foni mwezi wathunthu. Msungichuma akanena kuti sizikwana, nthawi zambiri amakhala atawerenga zimene zili m'manja, osati zimene zili pamndandanda. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndipo ndalama ya perekaniperekani musaiwerengere kuti idzabweza ngongole ya maluwa. Imeneyo ndi yoyambira banja: lendi, matiresi, thumba la ufa. Ndaonapo akwati atakhala pansi Lamulungu m'mawa kuwerenga ndalama za m'lichero, wokongoletsa ali pakhomo kudikira zake. Tsiku loyamba la banja lisamayambe choncho.

Ndisaiwale, maluwa apulasitiki sindiwanyoza ayi. Pali anthu amawayang'ana ndi diso lonyoza, koma pamwamba pa chipata cholowera, kumene mphepo imawomba ndipo palibe amene akawanunkhize, amagwira ntchito bwino kuposa enieni. Choipa ndi kuwabwereka ali ndi fumbi la maukwati khumi. Atsukeni.

Chinanso chimandidabwitsa. Pa chinkhoswe timanyadira lichero, mtsuko, mphasa, chipande ndi mthiko. Timavala zitenje zowala, timajambulitsa, timasangalala. Pakangopita masabata ochepa, tsiku la ukwati woyera, zonsezo timazibisa kuseri ngati zochititsa manyazi. Ndani anatiuza kuti mtsuko sungalowe m'holo? Inu kwanu ndi ku Dedza, kumene alendo ochokera kutali amaima kudzagula mbiya ndi makapu ku Dedza Pottery. Amayi oumba mbiya m'midzi alipo. Paini ali m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni. Zimene a ku Ulaya amalipira ndalama zambiri kuti ukwati wawo uoneke wachilengedwe, inu mukuziponda popita kumjigo.

Maluwa amene Julayi amatipatsa

Poinsettia ndiye mfumu ya nyengo ino. Anachokera ku Mexico, ndipo amafiira usiku ukatalika, n'chifukwa chake ku Ulaya ndi duwa la Khirisimasi pamene kuno amafiira cha m'ma Meyi mpaka Julayi. Zofiirazo kwenikweni ndi masamba, timaluwa take ndi tachikasu tating'ono tapakati. Vuto lake ndi mkaka uja: mukangodula n'kuika m'madzi, amafota msanga. Azakhali anandiphunzitsa kuviika kodulidwako m'madzi otentha kwambiri pafupifupi theka la mphindi, kenako m'ndowa ya madzi ozizira usiku wonse. Mkakawo umayabwa pakhungu ndipo ndi woopsa m'maso, choncho odula asambe m'manja, ana asaseweretse, ndipo inu musagwire poinsettia m'manja mutavala velo.

Golden shower, chomera choyanga chija cha maluwa alalanje chimene chimakuta mipanda ndi madenga, chimachita maluwa nyengo yomweyi. Bougainvillea nayenso amawala nthawi yopanda mvula, koma akadulidwa sachedwa kuyoyoka, ndiye ngwodula m'mawa wa tsiku lomwelo, kapena kungobwereka wa m'miphika. Aloe wa m'miyala amatulutsa maluwa ofiira ataliatali miyezi yozizira, ndipo salefuka msanga. Ngati mtima wanu uli pa zoyera, funsani amene ali ndi arum lily, duwa loyera looneka ngati fanulo limene limakonda malo ozizira a chinyontho. Asanu kapena asanu ndi awiri, omangidwa ndi riboni pamodzi ndi masamba a bulugamu, akukwanirani ogwira m'manja. Jakaranda musamuyembekeze, wake ndi Seputembala ndi Okutobala. Deliya wa m'mbali mwa msewu amakhala akutha, komanso amafota msanga.

Pano ndiime pang'ono. Wina asakunamizeni kuti akupezerani nthambi za mkungudza wa ku Mulanje kuti holo inunkhire. Mtengo umenewo ndi wa fuko lathu, ndipo watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Chimodzimodzi maluwa a ku Nyika ndi m'nkhalango zotetezedwa, si othyola. Ngakhale zipatso zouma za paini, pemphani kaye kwa oyang'anira nkhalango. Ukwati usayambe ndi kuba.

Ku Dedza chiperoni sichivuta ngati kwathu ku Thyolo, koma tawuniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo aliyense amene anagonapo ku Bembeke mu Julayi amadziwa mmene mphepo yake imalowera m'mafupa. Dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo likangopendeka kuzizira kumabwerera. Ndiye ndalama imene mukanagulira marozi ipite ku holo ya makoma, kapena tenti ya zotchinga m'mbali. Madyerero ayambe msanga. Pakhomo pakhale tiyi wotentha, osati zoziziritsa kukhosi zokha. Operekeza akwati muwasokere kanthu kofunda pamapewa ka nsalu yofanana ndi madiresi awo, chifukwa atsikana amenewo amaima panja nthawi yaitali manja ali pamtunda. Mbaula ikhale panja pokha. M'chipinda chotseka makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha.

Tsono yankho lenileni ndi ili. Sankhani mitundu iwiri, wofiira ndi wagolide kapena walalanje ndi wobiriwira, yoyera ikhale velo yanu ndi nsalu za patebulo. Kongoletsani malo atatu okha: khomo la tchalitchi, kutsogolo, ndi tebulo la akwati. Matebulo enawo muike kansalu ka chitenje pakati, kalichero ka manachesi, ngala zingapo za mapira ndi zipatso za paini. Makandulo akhale m'mabotolo agalasi, kutali ndi udzu wouma ndi nsalu. Maluwa adulidwe m'mawa kwambiri kapena madzulo a Lachisanu, modula mopendeketsa, masamba a m'munsi achotsedwe, agone m'ndowa yoyera pamthunzi, m'madzi mothiridwa kasupuni ka shuga ndi timadontho ta Jik. Kutchalitchi funsani kaye abusa kapena abambo mfumu. Ku Katolika malamulo a Misa amati maluwa akhale m'mbali mwa guwa, osati pamwamba pake, ndipo mipingo ina ili ndi amayi awo amene amakongoletsa, osafunika kuwalambalala.

Mu Juni mupite kwanu, muyende m'makomo ndi mayi anu kapena azakhali, muone chimene chayamba kufiira, mupemphe eni ake nthawi ikadalipo. Mukalowenso m'holomo cha m'ma 4 koloko madzulo, muime malo amene mukufuna kukhazika agogo anu, mumve kumene mphepo ikulowera. Mpando wawo muusunthe, ndipo muwauze abwere ndi juzi lawo, la mtundu uliwonse.