Anasokera kapena anapatuka? Yankho kwa mlembi wa ku Katete

Mayi wina wa ku Katete, mlembi wa kopaletivu ya alimi, wafunsa choti alembe m'maminitsi membala akasiya nkhani ya feteleza n'kuyamba za malire a munda: anasokera kapena anapatuka?

Mayi, lembani kuti anapatuka. Mawuwa ndi a pamsewu. Wochokera ku Chipata akafika pa Katete n'kusiya Great East Road kulowera ku Chanida, wapatuka. Njira akuidziwa, wangotenga ina, ndipo akhoza kubwerera. Wosokera, ena amati wosochera, sadziwanso kumene ali. Mukalemba kuti a nduna anasokera, mwanena kuti mutu wawo sukugwira, chonsecho maminitsiwo mudzawawerenga eni ake ali pomwepo.

Mawuwa asayende okha. Tchulani pamene munthu wachoka: "anapatuka pa nkhani ya feteleza". Wina akachita kumukokera kumbali ndi funso lake, ameneyo ndiye wamupatutsa. Koma dzina lakuti mpatuko musaliyerekeze dala, chifukwa kutchalitchi ndi gulu logalukira. Kulemba kuti "pamsonkhano panali mpatuko" n'kuputa mlandu wina.

Chondinyansa ine ndi apampando amene amadula mkulu pakamwa asanamve kumene akulowera. Kuyambira patali si kupatuka ayi! Agogo akayamba ndi chilala cha 1992, kaŵirikaŵiri akupita ku mbewu yocha msanga, ndipo mfundo yawo imatera pomwepo pamene achinyamata akhala akukangana ola lonse. Woyenera kumuyang'anitsitsa ndi msungichuma amene mwamufunsa za ndalama za mamembala, iye n'kuyamba kufotokoza za mvula ndi kukwera mtengo kwa thiransipoti. Uyo sanapatuke, chifukwa pa nkhaniyo sanapondepo n'komwe. Akulambalala, akuzemba funso, ndipo kumulembera kuti anapatuka n'kumuchitira chifundo chosamuyenera. Wina amangozungulira, mfundo ili pafupi koma osaigunda. Kulemba kuti munthu anabwebweta ndiye n'chipongwe, sikulowa m'buku la kopaletivu.

Pomubweza munthu

Nenani "ta-" osati "mwa-": "Pepani bambo, tapatuka pang'ono, tibwerere ku feteleza. Za malire tizitengera kwa a mfumu." M'maminitsi mzere umodzi ukwanira: "Nkhani inapatukira ku malire a minda, wapampando anaibweza." Dzina la wolankhulayo lisiyeni.